Mutu 8: Mipando 326, Phiri Limene Chipani cha Conservative ku Britain Chikuvutika Kukwera

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wosankha komiti ya mjigo akudziwa mmene zimayendera. Anthu 100 asonkhana pansi pa mtengo, amfumu ali pampando wawo wa ndalema, ndipo pa udindo wa wapampando paima anthu atatu. Atatuwo auzidwa kuti afulatire, anthu nkumandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Powerenga, a Phiri apeza 38, a Banda 34, mayi Nambewe 28. Nthungululu zilira, a Phiri apambana.

Komatu anthu 62 sanawafune a Phiri. Ndipo ngati a Banda ndi mayi Nambewe ndi apachibale, owatsatira awo nkukhala anthu a maganizo amodzi pa nkhani ya ndalama zokonzetsera mjigo, ndiye kuti banjalo ladzigwetsa lokha. Akanaimika munthu mmodzi, a Phiri sakanaununkha udindowo.

Chisankho cha ku Britain ndi misonkhano ya mtundu womwewu yokwana 650, yochitika tsiku limodzi. Amene wamvetsa za pamjigozi sangavutike kumvetsa mmene chipani chimene chalamula dzikolo zaka zambiri kuposa chipani china chilichonse chinafikira pokhala ndi aphungu ochepetsetsa m'mbiri yake, ndi chifukwa chake kubwerera m'boma pachokha kukuoneka kutali.

Dziko limene silivotera mtsogoleri

Ku Malawi munthu akalowa m'kachipinda kovotera amapatsidwa pepala la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Ku Britain, pa chisankho chachikulu, pepala ndi limodzi lokha, la phungu wa dera lako. Mfumu ya dzikolo sisankhidwa, imachita kulowa ufumu wa makolo, ndipo siyendetsa boma. Woyendetsa boma ndi nduna yaikulu, ndipo palibe amene amavotera nduna yaikulu mwachindunji. Mfumu imangoitana mtsogoleri wa chipani chimene chingathe kudutsitsa malamulo ndi bajeti m'Nyumba ya Malamulo, nkumuuza kuti apange boma.

Nyumbayo, imene imatchedwa House of Commons, ili ndi mipando 650. Theka lake ndi 325, choncho chipani chofuna kulamula popanda kupempha thandizo kwa wina chimafunika mipando 326. Kunena zoona nambalayi imatsikako pang'ono, chifukwa sipikala savota, komanso aphungu a chipani cha Sinn Féin cha ku Northern Ireland amakana kulumbira kwa mfumu ya Britain ndipo sakhala pa mipando yawo. Koma 326 ndi nambala imene aliyense amayang'ana usiku wowerenga mavoti.

Zikachitika kuti palibe chipani chafikapo, Angerezi amati nyumbayo yalendewera. Sinagwere uku kapena uku. Zikatero atsogoleri amayamba kuyenderana, kukambirana za mgwirizano, wina kupereka mipando ya unduna, wina kutaya malonjezo ena amene anapanga pokopa anthu.

Njira yosankhira aphungu ndi yomwe ija ya pamjigo: amene watsogola, ngakhale ndi voti imodzi, watenga mpando, ndipo mavoti a ena onse apita m'madzi. Aphungu a ku Malawi ndi ku Zambia amasankhidwa chimodzimodzi, poti tinatengera komweko. Ngakhale pulezidenti wa Malawi ankasankhidwa motero mpaka pamene khoti linagamula pa 3 February 2020 kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Ku Britain lamulo lotero kulibe.

Chipani chozolowera mpando

Dzina lakuti Conservative limatanthauza osunga zakale, anthu amene safuna kuti zinthu zisinthe mothamanga. Mwachidule, chipanichi chimakonda misonkho yotsika, bizinesi za anthu wamba m'malo mwa makampani a boma, asilikali amphamvu, ndi kulemekeza ufumu ndi miyambo ya dziko. Mtundu wake ndi wabuluu. Anthu amachitchulanso kuti Tory, dzina limene linayamba ngati chipongwe, kuchokera ku liwu la ku Ireland lonena za achifwamba obisala m'tchire, koma eni ake analilandira nkukhala lawo. Chipani cha masiku anochi chinaumbidwa ndi Robert Peel cha m'ma 1834.

Si chipani chachilendo kwa ife. Boma la Conservative la Winston Churchill ndi limene linakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, makolo athu akukana. Boma la chipani chomwechi, pansi pa Harold Macmillan, ndi limene linatulutsa Dr Kamuzu Banda m'ndende ya Gweru mu April 1960, ndipo pamene mbendera ya Britain inkatsitsidwa pa 6 July 1964, nduna yaikulu ku London anali Alec Douglas-Home, wa Conservative. Kumanga ndi kumasula zonse anachita okha. Khalidwe limeneli, losintha malaya nyengo ikasintha, ndi limene lakhala likuchisunga chipanichi m'boma. Margaret Thatcher yekha analamula kuyambira 1979 mpaka 1990.

Voti si mpando

Kuti tione mmene njira ya wotsogola-watenga-zonse imaseweretsera manambala, tiyeni tiyende ndi zisankho za posachedwa.

Mu 2010 David Cameron, mtsogoleri wa Conservative, anapeza mipando 306. Inali yoposa ya chipani cha Labour, chimene chinapeza 258, koma inaperewera ndi 20. Nyumba inalendewera, ndipo patapita masiku asanu a zokambirana Cameron analowa m'boma atagwirana manja ndi Nick Clegg wa chipani cha Liberal Democrats, chimene chinali ndi aphungu 57. Mu 2015 Cameron anapeza mavoti pafupifupi 37 pa 100 alionse, ndipo anakwanira kumupatsa mipando 330, boma lakelake. Patangopita zaka ziwiri, Theresa May, amene analowa m'malo mwa Cameron, anapeza mavoti ochuluka kuposa pamenepo, 42 pa 100, koma mipando inatsika kufika 317. Anachita kukapempha aphungu 10 a chipani cha DUP cha ku Northern Ireland kuti azimuvotera, ndipo mtengo wake unali mapaundi 1 biliyoni owonjezera opita ku chigawocho.

Mavoti ochepa, boma lathunthu. Mavoti ambiri, boma lopunduka. Chinsinsi chake nchakuti chofunika si kuchuluka kwa mavoti ako okha ayi, koma mmene mavoti a adani ako agawikira, ndi malo amene mavoti akowo agwera. Kupambana dera limodzi ndi mavoti 30,000 kumakupatsa mpando umodzi, chimodzimodzi amene wapambana ndi mavoti 30.

Kwa zaka zambiri masamu amenewa ankakomera a Conservative. Kumbali yawo ya ndale, imene imatchedwa ya kumanja, analiko okha, pamene mbali ya kumanzere inali yogawika pakati pa Labour, Liberal Democrats, a Green, ndi zipani za ku Scotland ndi Wales. Iwo ndiwo anali a Phiri a pamjigo paja. Chisankho cha pa 12 December 2019 chinaonetsa zimenezi poyera. Nigel Farage, amene ankatsogolera chipani cha Brexit Party, anachotsa anthu ake m'madera onse 317 amene a Conservative anapambana mu 2017, kuti asagawe mavoti a anthu ofuna Brexit, kutanthauza kutuluka mu European Union. Boris Johnson, amene ankatsogolera Conservative pa nthawiyo, anakolola mipando 365. Anatenga ngakhale madera a kumpoto kwa England, kwa anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale, kumene agogo, makolo ndi ana ankavotera Labour ngati chipembedzo. Bolsover, kumene Dennis Skinner wa Labour anakhala phungu kuyambira 1970, inasanduka yabuluu. Sedgefield, dera lakale la Tony Blair, nduna yaikulu yakale ya Labour, nayonso inapita. Olemba nkhani ena ankati Johnson alamula zaka khumi.

Mmene mbiya inasweka

Sanathe ngakhale zaka zitatu kuchokera pa chisankhocho. Nthawi ya mliri wa Covid-19 boma linaletsa anthu kusonkhana, moti ambiri sanathe kutsanzikana ndi abale awo amene ankamwalira m'zipatala. Kenako zinaululika kuti ku 10 Downing Street, kunyumba ndi ku ofesi ya nduna yaikulu, kunkachitika maphwando. Mu April 2022 apolisi anamulipiritsa Johnson chindapusa, ndipo anakhala nduna yaikulu yoyamba kulangidwa chifukwa chophwanya lamulo ili pampando. Ndalama yake inali yochepa, mapaundi 50, koma manyazi ake sanali a mapaundi 50. Pofika July chaka chomwecho nduna zake zinayamba kutula pansi maudindo motsatizana mpaka iye anagonja.

Apa mpamene njira ya ku Britain imadabwitsa mlendo. Nduna yaikulu ikachoka, dziko silibwerera kukavota. Chipani cholamula chimangosankha mtsogoleri wina, ndipo ameneyo ndiye nduna yaikulu. Mamembala a chipani, osafika 200,000 m'dziko la anthu oposa 67 miliyoni, anasankha Liz Truss. Pa 23 September 2022 nduna yake ya zachuma, Kwasi Kwarteng, inalengeza kuti idula misonkho yokwana mapaundi pafupifupi 45 biliyoni, osanena kuti dzenjelo likwiriridwa ndi chiyani. Obwereketsa boma ndalama anachita mantha, paundi inagwa mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi dola ya ku America, ndipo banki yaikulu ya dzikolo inachita kulowererapo. Nyuzipepala ya Daily Star inaika letesi patsogolo pa kamera, nkumafunsa kuti chiyambe kufota nchiyani, masambawo kapena utsogoleri wa Truss. Letesi anapambana. Truss anakhala pampando masiku 49.

Zinali zoseketsa, koma kwa mabanja ambiri sizinali nthabwala. Anthu ochuluka ku Britain amagula nyumba pa ngongole ya zaka 25 kapena kuposa, ndipo chiwongoladzanja amagwirizana ndi banki kwa zaka ziwiri kapena zisanu zokha. Nthawiyo ikatha, umalipira mtengo watsopano. Chiwongoladzanja cha banki yaikulu chinachoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 kufika 5.25 peresenti mu August 2023. Zifukwa zake zinali zambiri, kuphatikizapo nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza mtengo wa gasi, ndipo mu October 2022 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 11.1 peresenti pa chaka. Koma munthu amene walandira kalata ya ku banki yomuuza kuti azilipira mapaundi mazana angapo owonjezera mwezi uliwonse safufuza za Ukraine. Amakumbukira dzina la Truss. Chipani chimene mbiri yake yonse inali yakuti chimadziwa kusunga ndalama chinataya chinthu chokhacho chimene ngakhale osachikonda ankachivomereza.

Rishi Sunak analowa pa 25 October 2022, nduna yaikulu yachisanu ya chipanichi kuyambira 2010, ndipo yachitatu m'chaka chimodzi. Anapeza anthu odikira chithandizo m'zipatala za boma ku England akuchuluka, moti mu 2023 mndandanda wake unapitirira 7.5 miliyoni.

Mapanga awiri

Vuto lozama kuposa maphwando ndi letesi linali lakuti anthu amene anavotera Johnson mu 2019 sanali amtundu umodzi. Gulu lina linali la kumpoto ndi m'matauni a m'mbali mwa nyanja, anthu opeza pang'ono, amene ankafuna kuti obwera kuchokera kunja achepe ndiponso boma liike ndalama m'madera awo. Gulu lina linali la kumwera, m'midzi yolemera yozungulira London, anthu ophunzira a ntchito zabwino, ambiri mwa iwo osakondwa ndi Brexit, ofuna misonkho yotsika ndi boma laulemu. Chimene chinawamanga pamodzi chinali kutopa ndi mkangano wa Brexit ndi kuopa Jeremy Corbyn, mtsogoleri wa Labour pa nthawiyo. Brexit itachitika ndipo Corbyn atalowedwa m'malo ndi Keir Starmer, chingwecho chinaduka.

Nkhani ya obwera ndiyo inapweteka kwambiri. Cameron analonjeza kuti chiwerengero cha olowa, kuchotsapo otuluka, chidzatsika kufika pansi pa 100,000 pa chaka. M'malo mwake mu 2022 chinapitirira 700,000. Ambiri anabwera mwalamulo, ndi zitupa zoperekedwa ndi boma lomwelo, kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo pakati pawo panali anthu ambiri a ku Zimbabwe ndi ena a kwathu kuno. Dziko linkafuna manja awo, koma ovota ena sankafuna kuwaona. Ena oposa 45,000 anawoloka nyanja kuchokera ku France pa timaboti mu 2022. Boma linakonza zoti lizitumiza oterewa ku Rwanda, khoti lalikulu la ku Britain linakana mu November 2023, ndipo mpaka boma linachoka palibe ndege imene inanyamuka ndi anthu okakamizidwa. Ofuna nkhanza anaona kuti boma ndi lofooka. Odana ndi nkhanza anaona kuti boma ndi lankhanza.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Pa 22 May 2024 Sunak anatuluka pa khomo la 10 Downing Street kudzalengeza kuti chisankho chichitika pa 4 July. Kunkagwa mvula, ndipo analibe ambulera. Analankhula mpaka suti yonse inanyowa, dziko lonse likuonera pa kanema. Pa 3 June Farage analengeza kuti atsogolera chipani cha Reform UK ndipo aima ku Clacton. Ulendo uno sanachotse munthu m'dera lililonse kuti athandize a Conservative.

M'bandakucha wa ku King's Lynn

Ku Britain amavota Lachinayi, m'masukulu ndi m'maholo a tchalitchi, ndi pensulo. Malo ovotera akatsekedwa 10 koloko usiku, mabokosi amapita ku holo imodzi ya dera, ndipo mavoti akawerengedwa, onse opikisana amaima pa nsanja imodzi, nduna ndi wanthabwala phewa ndi phewa, kumvera zotsatira.

Liz Truss anaima pa nsanja yotere ku King's Lynn kutacha pa 5 July. Mu 2019 anapambana dera lake la South West Norfolk ndi mavoti oposa 26,000 pamwamba pa womutsatira. Linali dera la alimi, lotetezeka ngati nkhokwe ya pakhomo. Woyang'anira chisankho anawerenga: Terry Jermy wa Labour 11,847, Truss 11,217, wa Reform 9,958. Anagwa ndi mavoti 630. Wa Labour anatenga mpando ndi mavoti osafika 27 pa 100. Phatikizani a Truss ndi a Reform, muona a Banda ndi mayi Nambewe aja ali chilili, a Phiri akuvina.

Zinachitika choncho m'madera ambirimbiri. Kumwera nako a Liberal Democrats anasesa: Witney ya Cameron, Maidenhead ya Theresa May, ndi Henley, kumene Johnson anayambira uphungu, zonse zinapita kwa iwo. Kumeneko anthu a Labour ambiri anavota mochenjera, kusiya chipani chawo nkuvotera aliyense amene akanatha kugwetsa wa Conservative. Mbali ya kumanzere inaphunzira kuima pa mzere umodzi pa nthawi yomwe ya kumanja inagawika.

Pomaliza a Conservative anatsala ndi mipando 121, ndipo ku Wales sanapezeko ngakhale umodzi. Mavoti awo anachoka pa pafupifupi 14 miliyoni kufika 6.8 miliyoni. Labour inatenga mipando 411 ndi mavoti 33.7 peresenti okha, ndipo chodabwitsa nchakuti anthu amene anavotera Starmer wopambanayu anali ochepa poyerekeza ndi amene anavotera Corbyn wogonja uja mu 2019. Reform inapeza mavoti oposa 4 miliyoni nkulandira mipando 5, pamene Liberal Democrats, ndi mavoti ochepa kuposa a Reform, inapeza 72. Ine ndimaona kuti njira imene imabala zotsatira zotere ndi yovuta kuiikira kumbuyo, koma a Conservative sangadandaule kwambiri: pa riferendamu ya 2011 yofuna kuisintha, iwo ndiwo anatsogolera kukana.

Mwa ovota pa 4 July paja munali Amalawi ndi anthu a ku Zambia. Nzika ya dziko la Commonwealth imene ikukhala ku Britain movomerezeka imaloledwa kulembetsa ndi kuvota pa chisankho cha aphungu, mwayi umene Mfalansa kapena Mjeremani wokhala komweko alibe.

Kuchoka pa 121 kukafika pa 326

Pakufunika mipando ina 205. Mbiri ya chipanichi ikuonetsa kuti ulendo wotere ndi wautali. Chitagwa mu 1997 chinatsala ndi mipando 165. Mu 2001 chinawonjezera umodzi wokha, mu 2005 chinafika 198, mu 2010 chinalowa m'boma mochita kugwiriziza, ndipo 326 chinaidutsa mu 2015, patatha zaka 18. Nthawi imeneyo nkuti kumanja kulibe mdani wamphamvu ngati wa lero.

Pali vuto linanso limene silimveka phokoso. Ovotera chipanichi ndi okalamba. Kafukufuku wochitika chisankho cha 2024 chitatha anaonetsa kuti mwa achinyamata osafika zaka 30, amene anavotera Conservative sanakwane mmodzi pa khumi, ndipo chipanichi chinatsogola pakati pa opuma pantchito okha. Kale zinkadziwika kuti munthu akakwatira, nkugula nyumba, nkuyamba kulipira misonkho yambiri, amatembenukira ku Conservative. Lero nyumba zakwera mtengo moti ambiri amafika zaka 40 akuchitabe lendi. Munthu wopanda chake asunga chiyani?

Kemi Badenoch, amene anabadwira ku London nkukulira ku Nigeria, anasankhidwa kutsogolera chipanichi pa 2 November 2024, ndipo anapeza mapanga awiri omwe aja. Akalankhula ngati Farage kuti abweze a Reform, a ku Witney ndi Maidenhead amatalikira. Akafewetsa mawu kuti abweze a kumwera, a Reform amati mwaona, ndi omwe aja. Pa zisankho za makhansala za May 2025 a Conservative anataya makhonsolo onse amene ankawateteza, Reform inatenga 10, ndipo kafukufuku wambiri wa chaka chimenecho ankaika Reform patsogolo, a Conservative pachitatu.

Sikuti khomo latsekedwa. Labour inachoka pa mipando 202 kufika 411 pa chisankho chimodzi, umboni wakuti ovota a masiku ano sakhalitsa pamalo amodzi, ndipo mipando yambiri ya Labour inapambanidwa ndi mavoti ochepa. Boma likatopetsa anthu, wina amadya nawo. Funso ndi lakuti wodyayo adzakhala ndani.

Farage amakonda kutchula za ku Canada, ndipo dzina la chipani chake likufanana ndi la kumeneko. Mu 1993 chipani cholamula cha Progressive Conservative, motsogozedwa ndi Kim Campbell, chinalowa m'chisankho ndi aphungu oposa 150 nkutulukamo ndi awiri, Campbell mwiniwake atagwa. Chipani chatsopano cha Reform cha Preston Manning chinatenga mipando 52. Kwa zaka khumi mbali ya kumanja inakhala yogawika, a Liberal akupambana zisankho motsatizana, mpaka magulu awiriwo anaphatikizana mu 2003. Chipani chophatikizanacho chinatenga dzina la Conservative, koma mtsogoleri wake, Stephen Harper, anachokera ku Reform. Analowa m'boma mu 2006 ndi mipando yosakwana theka, ndipo theka analidutsa mu 2011, patatha zaka 18 chigwere chipani chakale chija.

Chisankho chotsatira ku Britain chiyenera kuchitika pasanadutse August 2029.